Kalata kwa akuluakulu a boma la Mchinji: ana amene timagawana pamaliro aja mumadziwa komwe ali?

Kwa Bwana DC, a ofesi ya zachisamaliro cha anthu, makhansala, aphungu athu, ndi inu mafumu nonse kuyambira ma T/A, magulupu mpaka anyakwawa a kuno ku Mchinji,

Zikomo akuluakulu, ndabwera pamaso panu mwaulemu ndipo mundilole ndilankhule mpaka ndimalize chifukwa nkhaniyi yakhala ikundidya mumtima nthawi yaitali. Ine ndine mayi wa chakuno ku Kamwendo, ndimagulitsa mtedza ndi nyemba pamsika, ndili ndi ana anga atatu komanso ndikulera ana atatu a malemu mng'ono wanga, bambo awo anali atatsogola kale. Sindikulemba kuti wina andimvere chisoni ayi, anawa ndi magazi anga ndipo olo mutapanda kundiyankha ndiwalerabe. Chimene ndikufuna mumve ndi ichi, makolo akamwalira mwana nkutengedwa ndi achibale, palibe ofesi ngakhale imodzi imene imadziwa kuti mwanayo wapita kwa ndani, akugona pati, akupitabe kusukulu kapena anasiya. Ndipo poti palibe akudziwa, chilichonse chimene chimayenera kumutsatira mwanayo, kaya ndi munda wa mayi ake, kaya ndalama za kuntchito kwa bambo ake, kaya Mtukula Pakhomo, kaya mankhwala amene amamwa, chimatsala m'mbuyo kapena chimagwera m'manja mwa anthu ena.

Inu mafumu mukudziwa mmene zimakhalira chifukwa mumakhalapo. Tikaika maliro, m'mawa mwake kapena tsiku lometa, abale amakhala pansi, mwini mbumba, ankhoswe, akuchimuna ndi akuchikazi, ndiye nkhani ya ana imabwera. Wamkuluyu apite ndi atsibweni ake ku Lilongwe akuti akamuphunzitsa, wachiwiriyu atengedwe ndi azakhali ake aku Mkanda, wamng'onoyu atsale ndi agogo poti anawazolowera. Basi yatha, mwina ola silikwana nkomwe, ana agawidwa ngati tikugawana nkhuku za malemu. Koma ifike nkhani ya malata, njinga, ngolo ndi ng'ombe, anthu amakhala mpaka dzuwa kupendeka ena mpaka kutukwanizana, ana eni ake ali kuseri kwa nyumba akumva zonse ndipo palibe amawaitana kuwafunsa kuti kodi iwe mtima wako uli kwa ndani. Chimene chimandipweteka kwambiri ndi kope lija. Pamaliro aliwonse pamakhala munthu wa kope ndi cholembera, chipepeso chonse chimalembedwa, wapereka K500 dzina lake lilowa, amvano abwera ndi ufa alembedwa, mudzi wakuti wabwera ndi nkhuni, ndipo zimawerengedwa pagulu aliyense akumva. Koma ana atatu, anayi, amene moyo wawo watembenuka tsiku lomwelo, salembedwa paliponse.

Makaundula a m'mudzi muli nawo kale anyakwawa, mumalembamo obadwa ndi omwalira. Chikukanika nchiyani kuti anthu asanabalalike pa siwa mulembe kuti malemu asiya ana angati, zaka zawo, makalasi amene ali, wakuti wapita kwa wakuti ndipo nambala ya foni yake ndi iyi, komanso minda ndi katundu amene watsala ndi wa anawa ndi uyu ndi uyu, amene azisunga ndi wakuti? Tsamba limodzi lokha. Lipite kwa gulupu, gulupu apereke kwa woona za chitetezo cha ana wa m'deralo, lifike ku Boma. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana linaika kale udindo pa makhonsolo woyang'anira ana a m'dera lawo, nanga mungayang'anire bwanji ana oti simukudziwa komwe ali?

A Bwana DC, anthu ambiri sadziwa kapena anaiwala kuti Mtukula Pakhomo anabadwira kuno. Mu 2006 boma ndi UNICEF anayesera koyamba m'boma lino la Mchinji, ataona kuti zikuthandiza mpamene anafalitsa mpaka kufika m'maboma onse 28. Ndipo amene ankawafuna anali makomo ngati amene ndikunenawa, ovutikitsitsa komanso opanda munthu wamphamvu zolimira, agogo olera zidzukulu, ana olera ana anzawo, nthawi ija Edzi inali itakolola anthu a misinkhu yapakati m'midzimu. Chaka chomwecho cha 2006 ndi chimene Madonna anabwera kudzatenga mwana ku nyumba yosungira ana amasiye ya Home of Hope, atolankhani a maiko akutali anadzadza kuno chifukwa cha mwana mmodzi, pamene m'midzi yonse kuyambira ku Waliranji mpaka ku Kapiri munali agogo ndi azakhali osawerengeka amene anali atatenga kale ana a malemu popanda kamera, popanda khoti, popanda kalata iliyonse. Sindikunyoza nyumba zosungira ana amasiye, zapulumutsa ana ambiri makamaka makanda amene mayi awo amwalira pochira, mkaka wam'chitini uja ife sitingaukwanitse. Koma tinene zoona, ana amasiye ochuluka zedi sali m'nyumba zimenezo, ali m'makomo mwathu muno, ndipo boma lomwelo limatiuza kuti malo abwino a mwana ndi pakati pa abale ake. Ngati ndi choncho ndiye thandizo lizipita kumene kwapita ana.

Vuto la Mtukula Pakhomo ndi loti kalembera amadutsa kamodzi pakapita zaka, ndipo amatenga makomo ochepa, pafupifupi 10 pa makomo 100 aliwonse, pamene imfa siyang'ana kuti kalembera anadutsa liti. Khomo limene nthawi ya kalembera linali la anthu awiri akudya bwinobwino, lero lili ndi anthu asanu ndi awiri koma mu kompyuta likadali la anthu awiri omwe aja. Pali agogo ena m'mudzi woyandikana ndi wathu, sindiwatchula dzina, mwana wawo wamkazi anamwalira pa ngozi ya kabaza wa njinga yamoto nkuwasiyira zidzukulu zinayi. Maso awo saona bwino, msana unapindika, koma dzinja mudzawapeza m'munda mwa eni akupalira ganyu kuti apeze kachimanga kopita nako kuchigayo, munda wawo womwe uli thengo chifukwa munthu mmodzi sangalime kuwiri. Ndinalowa m'nyumba mwawo tsiku lina mvula ikugwa, mphasa imodzi, ana onse anayi amafunda bulangeti limodzi ndi chitenje cha malemu mayi awo, pakona denga likudontha atcherapo beseni, agogowo atakhala pafupi ndi moto akuduladula maungu anthete osakhwima, ati nsima yake ndi yomweyi ndiwo zake ndi zomwezi. Ndinawafunsa za Mtukula Pakhomo, anandiyankha kuti kalembera atadutsa mwana wanga anali moyo amagulitsa tomato, ndiye anati pano si povutika. Nthawi imeneyo zinali zoona. Nanga lero? Payenera kukhala njira yoti banja lotere lilowe m'kaundula mwezi womwewo maliro achitika, nyakwawa ndi a komiti ya m'mudzi aikire umboni, wa zachisamaliro cha anthu abwere adzaone ndi maso ake, osati kuwauza agogo kuti dikirani kalembera wina.

Chimodzimodzi feteleza wotsika mtengo, kaya mukumutcha FISP kaya AIP, amayendera chiphaso cha unzika cha mwini khomo, ndiye mwini chiphasoyo akalowa m'manda ana ake amagwa pa mndandanda ngakhale munda ulipo ndipo ofuna kudya akadalipo.

Mwina ena mwa inu muti koma kulera ana a m'bale ndi chikhalidwe chathu kuyambira kale, makolo athu sankadikira boma. Ndi zoona ndipo ine ndimanyadira zimenezo. Koma makolo athu anali ndi minda ikuluikulu, nthaka inkabereka popanda feteleza, mwana wa m'bale akabwera kunali kungowonjezera mtanda wa nsima ndipo iyenso ankawonjezera khasu m'munda. Lero malo ambiri kuno ndi ku Kasungu anapita ku ma esiteti, minda tinagawana mpaka yatsala timizere, ndipo chilichonse chimafuna ndalama, sopo, mchere, chigayo, makope, mankhwala akasowa kuchipatala nkukagula ku famase. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, 2024 kunabwera ng'amba ya El Niño boma mpaka kulengeza za ngozi m'maboma 23, chimanga chinakwera paliponse ngakhale kuno kumene timalima. Ine ndinaona amayi anzanga a banki mkhonde akutenga ngongole osati ya bizinesi koma yogulira chimanga chifukwa pakhomo pawonjezeka pakamwa patatu, kenako kulephera kubweza, kenako katapila, kenako kulandidwa ziwiya. Mtima wolera ulipobe m'midzimu, chatha ndi mphamvu.

Tsopano nkhani ya chuma cha masiye, apa mafumu mundikhululukire ndilankhula mosabisa. Lamulo la 2011 loona za chuma cha anthu omwalira limanena momveka kuti oyamba kupindula ndi mkazi kapena mwamuna wotsalayo pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu akhoza kukalowa nawo kundende. Koma lamuloli m'midzi yambiri silinafike, kapena linafika nkukhala chete. Kuno tili osakanikirana, Achewa a chikamwini, Angoni olowola a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni, ena anatengana chitengwa, ndiye munthu wadyera amasankha mwambo umene ukumukomera tsiku limenelo. Ikakhala nkhani ya ng'ombe ndi nyumba yamalata akuti ife akuchimuna tinalowola, zonsezi ndi za mwana wathu. Ikafika nkhani ya ana anthu omwewo akuti ana ndi a kuchikazi, atsibweni awo aone chochita. Katundu wapita uku, ana apita uku. Mwambo weniweni sunali wotero, kaya kwa Achewa kaya kwa Angoni amene watenga ulemu wa pakhomo amatenganso mtolo wake, mwini mbumba anali munthu wogona ndi njala kuti ana a mlongo wake adye.

Ndipo pali kuba kwina kwa mwakachetechete kumene sikuoneka ngati kuba. Munda wa malemu, m'bale amene anati ndizisungira ana amaubwereketsa chaka ndi chaka kwa anthu olima soya ndi fodya, ndalama amadya yekha, ana amene akukhala kwa azakhali awo kutali saona olo kobiri. Mwana akadzakula nkubwerera kwawo amapeza malire anasunthidwa kapena munda unagulitsidwa kale, ndipo pa pepala logulitsira pali sitampu ya mfumu. Anyakwawa, musanaike sitampu pa munda wa munthu womwalira funsani kaye kuti ana ake ali kuti ndipo ndalamayi ikupita kwa ndani. Inu ndi amene mumadziwa malire, ana samawadziwa.

Kwa amene makolo awo anali pantchito ndi mavuto ena. Malemu mlamu wanga ankagwira ntchito pa kampani ina, ndipo mng'ono wanga anayamba kulondola ndalama zake za penshoni akadali moyo, atamwalira ndinapitiriza ine. Akufuna kalata ya imfa, kalata ya mfumu, ziphaso za kubadwa za ana onse, zithunzi, mboni, ukapita nazo akuti fomu iyi yalembedwa molakwika, ukabwerera akuti amene amasaina kulibe, tsiku lina fayilo sikuoneka, ndipo ulendo uliwonse ndi thiransipoti ya minibasi yopita ndi yobwera komanso benchi langa la pamsika latsekedwa tsiku lonse. Mmene ndalama zinkatuluka Kwacha inali itagwa kale, zimene zikanagula malata zinagula chimanga. Ine bola ndimatha kuwerenga ndi kufunsa, nanga agogo aja akanayambira pati? Anthu ambiri kumudzi amamwalirira pakhomo, pepala la imfa palibe, ana akuluakuluwa ambiri alibe chiphaso cha kubadwa. Bwanji a NRB, amene amapereka ziphaso za kubadwa ndi za imfa, pamodzi ndi a zachisamaliro cha anthu osamabwera pa ma trading centre monga Kamwendo, Mkanda, Kapiri, Waliranji tsiku lodziwika pamwezi, kuti mapepala a ana amasiye azithera pomwepo? Komanso ndalama za ana zikatuluka pazikhala wowunika, chifukwa pali achibale ena amene amalimbirana mwana akamva fungo la ndalama za imfa, zikatha mwana uja amamubweza kwa agogo ake ndi kajumbo ka zovala.

Za sukulu. Pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, inde, koma yunifolomu si yaulere, makope ndi zolembera si zaulere, sopo wochapira yunifolomuyo si waulere, ndipo mwana akasankhidwira ku CDSS ya kutali pamafunika lendi ndi chakudya cha pa selufu, kapena njinga. Mwana wamasiye amasintha sukulu pakati pa teremu mosakonzekera. Wamkulu wa mng'ono wanga anali mu Sitandade 7 pamene ndinamutenga, pa sukulu ina kuno anati abwere ndi kalata ya thiransifa, kusukulu yake yakale kuli kutali, mmene ndinkapeza mpata ndi ndalama yokatengera kalatayo teremu inali itapita ndipo anabwereza kalasi, mtsikana woti anali kukhoza bwino. Aphunzitsi aakulu apatsidwe chilolezo cholandira mwana wotere ndi kalata ya nyakwawa yokha, mapepala ena azitsatira pambuyo, mwana ali kale m'kalasi. Ndipo inu aphungu ndi makhansala, bursary ya khonsolo ndi ya CDF mayina ake azimatidwa poyera pa sukulu ndi kwa gulupu, aliyense aone kuti analowa ndani ndipo chifukwa chiyani, chifukwa m'midzi anthu amanong'ona kuti amalowa ndi ana a odziwika, ngati si zoona mndandanda womatidwa udzatseka pakamwa anthu. Pamaliro mumabwera aphungu, mumathandiza bokosi, galimoto yonyamula thupi, timathokoza ndithu chifukwa nthawi imeneyo munthu umakhala utasowa pogwira. Koma bokosi limakwiriridwa tsiku lomwelo. Pakatha miyezi itatu bwereraninso pakhomo lija mudzafunse kuti ana aja ali kusukulu?

Mwana akasiya sukulu kuno ku malire tonse tikudziwa kumene amathera. Anyamata amatengedwa ndi anthu olonjeza ntchito, amadutsa njira zachidule osati pa Mwami ayi, amakaweta ng'ombe ndi kulima fodya m'mafamu mbali ya ku Chipata, ena amabwera chaka chatha alibe olo malipiro, ena sabwera. Lamulo loletsa kuzembetsa anthu lilipo la 2015, utenanti unathetsedwa mu 2021, koma mwana woti palibe analemba kuti ali kwa ndani, akasowa ndani akadandaule? Atsikana ndiye amakwatiwa. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane nazo, mafumu ambiri mwathetsa maukwati a ana ndipo tikukuyamikirani, koma mtsikana mukamuchotsa ku banja mumamubwezera pakhomo lomwe lija limene linamukwatitsa chifukwa cha njala, popanda thumba la chimanga popanda kope, pakatha miyezi iwiri wabwereranso kwa mwamuna uja. Ndiponso uja anatengedwa kupita ku tauni kuti akamuphunzitsa, kangati timamva kuti ndi amene amadzuka 4 koloko kukolopa, kuchapa, kulera khanda, ana a eni nyumba akupita kusukulu iye akuwanyamulira zikwama?

Pali nkhani ina imene anthu sakonda kuikamba koma ndiikamba chifukwa ana akufa nayo. Kuyambira 2004 ma ARV ndi aulere ndipo makolo ambiri akukhala moyo kulera okha ana awo, tithokoze. Koma pali ana amene anabadwa ndi kachilombo, amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, ndipo amene ankadziwa ndi mayi awo okha, mwina mwanayo sanauzidwe nkomwe, amangodziwa kuti ndimamwa mapiritsi a chifuwa. Mayi aja amwalira, mwana watengedwa ndi azakhali a dera lina, buku la kuchipatala latsala m'sutikesi ya malemu imene yapita ndi akuchimuna, botolo latha, palibe akudziwa tsiku lokatenga ena. Pakatha miyezi mwana wayamba kuwonda, zilonda, kutsegula m'mimba, pakhomo ayamba kulozana zala kuti walodzedwa ndi amene akufuna munda. Izi sizongopeka, amayi amene timayenda m'maliro ndi m'zipatala taziona. Achipatala amatsatira anthu amene asiya kubwera kudzatenga mankhwala, koma amapita ku mudzi umene unalembedwa m'buku, amapeza nyumba yotseka. Alangizi a zaumoyo amadziwa khomo lililonse m'dera lawo, akanakhala kuti tsamba la nyakwawa lija limafikanso kwa iwo bwenzi akuimbira mnzawo wa kumene mwana wapita kuti kumeneko kwabwera mwana wakuti muoneni, mwachinsinsi, popanda kulengeza pagulu. Ndi foni imodzi yokha imeneyo.

Sindikufuna kalatayi imveke ngati achibale tonse ndife oyera. Ayi. Pali makomo amene mwana wamasiye amadya pomaliza, ena akudya nsima ya nyama iye apatsidwa msuzi, akalakwitsa pang'ono amauzidwa kuti ndinapha amako ndine? Pali atsikana amene akugwiriridwa ndi amuna a azakhali awo, amalume awo enieni, ndipo nkhani imathera m'nyumba chifukwa akuti tikamumangitsa adyetsa banja ndani. Nambala ya 116 yoimbira mwana akamazunzidwa ilipo, ku polisi kuli a Victim Support, koma mwana wa zaka 9 amene alibe foni ndipo munthu yekhayo amene amamudyetsa ndi yemweyo akumuzunza sangapite yekha. Pamafunika munthu wachikulire wochokera kunja kwa banja amene amabwera kudzacheza naye payekha, kamodzi pa teremu olo. Ogwira ntchito ya chitetezo cha ana alipo koma ndi ochepa, dera lalikulu munthu mmodzi, ambiri alibe ndi njinga yomwe. Pokonza bajeti ya khonsolo aganizireni anthu amenewa, apatseni njinga ndi mayunitsi, ndipo ife amene tikulera ana a abale athu mwachilungamo sitidzakana kuyenderedwa, tidzawayalira mphasa.

Ndipo wobwerayo azifunsanso wolerayo kuti inu muli bwanji. Palibe amatifunsa. Mabanja ena agwedezeka chifukwa cha ana amenewa, bambo akuti ine ndinakwatira iwe osati mtundu wako wonse, ana ako enieni ayamba kudandaula kuti bulangeti lathu tikufunda ndi ena, iwenso ukulira m'bale wako koma nthawi yolira palibe. Wamng'ono wa mng'ono wanga atabwera anakhala nthawi osalankhula, usiku amakodza pogona chonsecho anali atasiya kale, madzulo amakakhala pamsewu kuyang'ana minibasi zochokera kwawo. Ine sindinaphunzire za uphungu, ndinangomugoneka pafupi nane ndi kumutenga kumsika kuti asakhale yekha. Amene anandithandiza ndi amayi a ku mkombaphala, anthu ongodzipereka osalandira kanthu, amaphika phala ndi ufa wosonkha, anamulandira nkumaimba naye mpaka anayamba kuseka. Malo amenewa pamodzi ndi ma children's corner, kumene ana amakumana kusewera ndi kulangizidwa, ndi amene akugwira ntchito yeniyeni m'midzimu, koma ambiri amakumana pansi pa mtengo kapena m'tchalitchi chobwereka, mwezi wa January ndi February ufa ukatha amatseka, nthawi yomweyo imene ana akufunitsitsa phala. Chimanga cha thandizo chikamabwera m'boma lino, gawo lina lizipita kumeneko mwachindunji.

Chinanso chimene ndikupempha mafumu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, pokambirana za ana yesetsani kuti ana a mimba imodzi asabalalitsidwe. Ine ndinatenga onse atatu osati chifukwa ndili ndi chuma koma chifukwa wamkuluyo anandigwira chitenje nkunena kuti amayi aakulu musatisiyanitse. Ngati m'bale mmodzi sangakwanitse onse, ana akhale pamodzi pakhomo limodzi ndipo abale enawo azisonkha, uyu thumba la chimanga pokolola, uyu yunifolomu, uyu sopo, ndipo zimenezo zilembedwe pamaso pa nyakwawa kuti wolonjeza pamaliro azikumbutsidwa. Chifukwa pamaliro aliyense amalonjeza, ndidzathandiza, musadandaule tili limodzi, pakatha mwezi foni yake siikupezeka.

A Bwana DC, zambiri mwa zimene ndalembazi sizikufuna ndalama zochokera kunja kapena lamulo latsopano ku Nyumba ya Malamulo. Kalata imodzi yochokera ku ofesi yanu kupita kwa ma T/A onse yoti imfa iliyonse yosiya ana izilembedwa ndi komwe ana apita, ina kupita kwa alangizi a maphunziro yoti mwana wamasiye asabwezedwe chifukwa cha thiransifa, ina kwa a zaumoyo. Za Mtukula Pakhomo ndi feteleza ndikudziwa zimamangidwira ku Lilongwe, koma inu ndi aphungu athu ndi amene muli ndi pakamwa kumeneko, ndipo boma limene pulogalamuyi inayambira lili ndi ufulu wonse wonena kuti apa pakufunika kukonza. Ndikupempha kuti nkhaniyi ilowe pa mndandanda wa zokambirana pa msonkhano wa khonsolo ukubwerawu, ndipo muitanepo agogo ndi azakhali angapo amene akulera ana, ochokera ma T/A osiyanasiyana, muwalipirire thiransipoti adzalankhule okha. Yankho lanu lidzere pa wailesi ya Mudzi Wathu kuti ndi a kumidzi omwe amve, ambiri mwa olera anawa alibe mafoni a intaneti.

Ine wanu,
Mayi wolera ana asanu ndi mmodzi, Kamwendo, Mchinji